Tizitsulo ta pa Masitepe

Malume anga ndi amagetsi, koma kuntchito amawatcha Achitsulo. Dzinalo si laulemu ayi. Anzawo amakhomera mawaya kukhoma ndi timapulasitiki, kho kho kho, ntchito yatha. Iwo akafika pamasitepe amabowola khoma, n'kumanga waya ndi kachitsulo, kamodzikamodzi. Ukawafunsa chifukwa, amatulutsa machesi n'kuyatsa kapulasitiki iwe ukuona. Kamasungunuka ngati kandulo.

"Moto ukabuka, mawaya amagwa n'kulendewera pomwe anthu akuthawira. Mu utsi suona kanthu. Umangomva chakukola pakhosi."

Nditangobwerako kunja ndinawauza kuti kumene ndinaliko munthu wotere amamupatsa ulemu. Anangoti, "Ukanabwera nawoko m'chikwama, mphwanga."

Chaka chatha kapitawo wa nyumba ina yosanja anawachotsa ntchito. "Achitsulo, ife tikumanga nyumba, inu mukusoka diresi laukwati?" Anabwera wina, masiku awiri okha, pulasitiki mpaka pamwamba.

Ndiye taonani. Msuweni wanga, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, anakapeza chipinda m'nyumba yomweyo, pamwamba penipeni. Potsikira ndi pamodzi basi.

"Samukamo, mayi," malume anamuuza.

"Adadi, m'pafupi ndi kuntchito. Inuyo nyumba iliyonse mumaiona ikupsa."

Lamlungu lina m'mawa malume ananyamula makwerero n'kupita kunyumba yosanja ija, osauza munthu. Anayambira pansi, kuzula timapulasitiki tija n'kumaika tizitsulo tawo. Atafika pokhota poyamba, mlonda anatulukira ndi chibonga.

"Madala, ndiye ndinu mumatibera mawaya?"

"Ndikuwamanga, bambo."

"Wakutumani ndani?"

Anthu anatuluka m'zipinda, mafoni m'mwamba. Ine sindinalipo, ndinazionera pafoni pomwepo: malume atagwidwa pakolala, sikuludiraiva ili m'manja, wina akukuwa kuti, "Ndi imvi zonsezi!" Kumtunda kwa chithunzi msuweni wanga akusuzumira, kenako akubweza mutu. Mwini nyumba analamula kuti asadzapondenso pageti.

Masiku ano malume amakonza mawailesi pakhonde pawo. Mwana wawo sanasamuke, ndipo chichitikire zija sabwera kudzawaona. Ndikapita kukamuchezera, pobwera malume amandifunsa chinthu chimodzi, maso ali pa wailesi.

"Sanatizule?"

Sanatizule. Tizitsulo tilipo, kuyambira pakhomo lolowera mpaka pokhota poyamba. Kuchokera pamenepo kukafika pachitseko cha mwana wawo ndi pulasitiki yokhayokha, yoyera mbee, yokongola zedi.