Dzina Lapamanja la Mayi Tsekani

Pasekondale pomwe ankaphunzitsa, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi ahedi okha. Ena onse ankangoti Mayi Tsekani. Phunziro lawo linali bayoloje, koma chimene ankalimbana nacho kwenikweni chinali kawerengedwe ka ana. Mwana akamaliza tsamba, iwo ankagogoda desiki ndi choko.

"Tseka buku. Tsopano uza mnzakoyo zimene wawerenga."

Apa m'pamene ankaonekera ng'amba aja ongoyendetsa maso pamapepala. Ankanyansidwa ndi mwana wodula mizere pansi pa chiganizo chilichonse mpaka tsamba kuoneka ngati munda wolimidwa kumene. "Bukulo likudziwa kale," ankatero, "nanga iwe?" Ankawauzanso kuti aziwerenga pang'ono tsiku ndi tsiku, osadikira mayeso afike pakhomo, ndiponso kuti kulakwa pamaso pa anzako sikunaphepo munthu.

Komatu kulangiza ena n'kokoma, abale.

Mdzukulu wawo, kamtsikana ka mwana wawo wamkazi, kanabadwa kosamva. Katayamba sukulu ya ana osamva, kanasanduka kolongolola ndi manja, ndipo aliyense m'nyumba kanamupatsa dzina lapamanja. Amayi ake anali chala pakadontho ka patsaya. Abambo ake anali dzanja losisita dazi. Ngakhale galu anali nalo lake, khutu lopindika. Koma agogo ake kankangowaloza ndi chala monga umalozera kabati, ndipo izi zinkawawawa Mayi Tsekani koopsa.

"Nanga ine langa n'liti?" Mayi Tsekani anamufunsa mwana wawo tsiku lina akupinda zovala.

"Amayi, dzina limenelo munthu sadzipatsa yekha. Amakupatsa ndi munthu wosamva, akakudziwa."

"Ndiye ukuti sakundidziwa?"

"Mumacheza naye liti? Inu mumangomupatsa masiwiti n'kumamwetulira."

Anapsa mtima, koma chidwi chinaposa mkwiyo. Analembetsa kalasi ya Loweruka yophunzira chinenero chamanja, n'kugula buku lodzaza zithunzi za zala. Zimene anapezamo zinawadabwitsa. Kani nsidze nazo zimafunsa funso? Kani dzulo limakhala kuseri kwa phewa, mawa kutsogolo kwa nkhope? Ankawerenga m'basi, ankawerenga m'chipinda cha aphunzitsi tiyi mpaka kuzizira, ndipo, musauze ana awo akusukulu, ankadula mizere yofiira pansi pa chithunzi chilichonse.

Koma mdzukulu akayandikira, iwo ankatsegula buku pamiyendo n'kuyamba kufufuza tsamba. Pomalipeza, mwana anali atapita kale kukasewera ndi galu. Chilungamo chake, ankachita mantha. Munthu amene wakhala akuchonga ena moyo wake wonse safuna kuchongedwa ndi mwana amene mano ake oyamba sanaguluke.

Masana ena atakhala pakhonde, kamtsikana kanabwera kakuthamanga, manja ali yakaliyakali, maso ali tong'o. Mayi Tsekani anatola buku lawo. Iko kanawayang'ana, kanayang'ana bukulo, kenako kanalitseka ndi manja awiri, phaa, n'kulikhalira.

Panalibe kothawira. Anakweza manja kuti afunse chimene chachitika, ndipo analakwitsa. Mwana anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako anawagwira zala n'kuzipinda chimodzichimodzi mmene ziyenera kukhalira. Agogo anayesanso, nsidze zili m'mwamba. Ulendo uno kanagwedeza mutu, n'kutsegula kukamwa kuwaonetsa dzino logwedera. Nkhani yonse inali imeneyo basi, koma anaikambirana mpaka mthunzi unachoka pakhonde: ngati likupweteka, ngati galu nayenso amaguluka mano, ndiponso chifukwa chake agogo ena mano awo amawavula n'kuwaika m'kapu. Funso la galu Mayi Tsekani analiyankha monyadira, poti bayoloje inali yawo.

Mwana wawo atafika kuchokera kuntchito, kamtsikana kanamuthamangira kukamufotokozera amene kanacheza naye. Sikanaloze ndi chala. Kanatambasula zikhatho ziwiri n'kuzitseka pamodzi ngati buku.

Mayi wa mwanayo anakhala pansi ndi chikwama chili paphewa, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, dzina lija lapezeka."

Mayi Tsekani anangoti kukamwa yasa. Dzina lakusukulu lija mdzukuluyu anali asanalimvepo, ndipo sadzalimva. Anakweza manja kuti adzitchule okha koyamba, koma anatseka zikhatho mopendekeka, ndipo mdzukulu wawo anabwerera kudzawakonza.