Ojemba Wapitirira Mbuye Wake

Bambo Ukaegbu a ku Bende ndi mlimi wa zilazi, ndipo pamudzi amadziwika ndi zinthu ziwiri: kukana kuti akukalamba, ndi galu wawo Ojemba. Anamutola ali kamwana kokwana m'chipewa, ndipo kuyambira pamenepo ankangomutcha "mwanawe". M'mawa uliwonse ankapita naye kumunda, galu patsogolo, iwo pambuyo ndi chikwanje.

Chaka chino zinthu zinatembenuka. Ojemba anayamba kutsalira. Kukamwa kunachita imvi, ndipo ntchenzi zinkadya chinangwa iye ali gone pamthunzi, akuziyang'ana ngati alendo. Bambo Ukaegbu ankamukalipira njira yonse kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi: iwo amene anaona nkhondo akuyendabe, nanga kamwana kadzulodzuloka katopa ndi chiyani?

Akazi awo, mayi Nwanyieze, anali atatsimikiza kale mumtima. Galu wosagwira ntchenzi ndi pakamwa chabe, choncho tsiku la msika amupereke kwa amalonda a nyama ya galu, atenge kagalu kena kwa mlamu wawo.  Bambo Ukaegbu ankangokanda galuyo kukhutu n'kusintha nkhani.

Msika usanafike, kunabwera dokotala wa ziweto kudzabaya mbuzi katemera. Atamuswera mtedza wa kola monga mwa mwambo wolandirira mlendo kumeneko, bamboyo anapempha mankhwala a ulesi wa galu. Dokotalayo anayang'ana mano a Ojemba, n'kufunsa zaka zake. Atamva kuti khumi ndi zinayi, anaseka. Anati galu sayenda ulendo wa moyo ngati munthu: amathamanga. Pachaka chimodzi amakhala atatha msinkhu, ndipo wa zaka zimenezi ndi nkhalamba yoposa aliyense pakhondepo.

"Ngakhale ine?" anafunsa bambo Ukaegbu.

"Inu ndinu mwana kwa iyeyu, bambo."

Mayi Nwanyieze anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati ndiye nkhani yatha, wokalamba sachira, apite kumsika basi.

Bamboyo anatsiriza kutafuna kola. Kenako anaimirira, anavula chipewa, n'kupatsa galu moni wa akulu, kumutcha Dede, monga amaitanira mkulu kumeneko. Ojemba anangogwedeza mchira kamodzi osadzuka.

"Mayi ake Uloma," anatero kwa akazi awo powatchula ndi dzina la mwana wawo, "mwamva nokha. Pakhomo pano wamkulu ndi uyu. Kwanu kuja munaonapo mkulu wa banja akupita naye kumsika pachingwe?"

"Ndiye mwavomera kuti pali wokuposani?"

"Pa zaka zokha."

Mayiwo anati mkulu amene amadzikanda utitiri pamaso pa alendo sanamuonepo, koma za msika sanazitchulenso. Kagalu ka kwa mlamu kanabwerabe, n'kuyamba ntchito ya kumunda. Ojemba anapatsidwa chiguduli pakhonde, ndipo madzulo mayiwo amayamba kumuikira iye chakudya, amuna awo akudikira ndi manja osamba kale, akudandaula kuti supu ikuzizira.