Zenera Loyang'ana kwa Bambo

Kuntchito amamutchula kuti Tadikirani, ndipo dzinali sanalipatsidwe mwaulere. Anzake akati pulogalamu yatha, tiyeni tiitumize kwa eni ake, iye amakweza chala n'kuti, "Tadikirani," kenako n'kudina pomwe munthu wanzeru zake sangadine, pulogalamu n'kuzima. Amagwira ntchito mu ofesi yaing'ono pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe amalemba mapulogalamu a pafoni, fani imodzi ikuwakupiza mosinthana. Amamuda Lachisanu, Lolemba n'kumamuthokoza.

Khalidweli analitengera kwa bambo ake, mmisiri wa magalasi. Ali mwana ankakhala pa ndowa yovundikira m'shedi ya kuseri kwa nyumba, kuwaonerera akudula. Munthu akabwera ndi miyezo yake papepala, bambowo sankagwira chodulira asanafunse funso lawo: "Galasili liima kapena ligona?" Ena ankakwiya, amvekere miyezo ndakupatsani kale. Koma galasi la mizere ukalidula osadziwa mmene likakhalire pafelemu, mizere imapita chopingasa, ndipo galasi silimva kupepesa.

Makina onolera magalasi ndi amene anawadya makutu bambowo. Zinayamba pang'onopang'ono. Patebulo ankaseka mochedwa, anzawo atatha kale kuseka. Kenako anayamba kuseka pomwe sipoyenera, mpaka tsiku lina anaseka mayi akufotokoza za matenda a mchemwali wawo. Anaona nkhope za anthu, anazindikira. Mawa lake ananyamula mbale yawo kukadyera kushedi, ndipo mpando wawo wa kumutu kwa tebulo unakhala pounjika zovala zochapa. Munthu amene kale ankalamulira nkhani zonse za pa tebulolo, wotsutsa ngakhale za nyengo, anangoti zii. Tadikirani zinkamupweteka kwambiri, ndipo chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti m'nyumbamo anthu anayamba kuzolowera.

Pa intaneti panali tsamba lina lomwe limamvetsera munthu akamalankhula n'kulemba mawu ake m'zilembo zikuluzikulu. Analiyesa ndi bambo ake. Linkagwira ntchito ndithu, koma foni inkayenera kuyenda: mayi alankhule, akonze mawu omwe tsambalo lalakwitsa, atembenuze foni, apereke. Bambo anawerenga kawiri katatu n'kuibweza.

"Mwanawe, ine sindili m'chipatala kuti muzindipatsira nkhani ngati mapiritsi," anatero mokweza, poti mawu awo omwe sankawamvanso. "Pofika kwa ine nthabwala yazizira kale."

Apa m'pomwe Tadikirani anaganiza zolemba pulogalamu yakeyake. Foni yakale ya sikirini yaikulu izigona pakona ya tebulo, pakati pa mayi ndi bambo, osaigwira munthu. Theka la m'munsi likhale la mabatani, loyang'ana kwa mayi. Theka la pamwamba likhale zenera loonetsa tsamba lija, koma lotembenukira kumbali, kumutu kwa tebulo. Kutembenuza foni yonse n'kosavuta, ngakhale khanda limatha. Iye ankafuna kutembenuza zenera lokhalo, zina zonse zikhale mmene zilili.

Mnzake wa desiki yoyandikana, yemwe amamutchula kuti Wachidule, anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Asisi, bwanji osangowauza madala asamukire mbali inayo ya tebulo? Mzere umodzi wa pulogalamu, yatha."

"Bambo angawo? Mpando umenewo anakhalapo ine ndisanabadwe. Bola kusuntha nyumba."

Tadikirani anayamba kuilemba pa nthawi ya nkhomaliro, tsiku ndi tsiku. Ulendo woyamba analamula zenera kuti litembenuke, ndipo linamvera mopitirira muyezo: linazungulira pakona pake ngati chitseko, theka lonse n'kutuluka kunja kwa sikirini. Wachidule anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Tadikirani anakonza kuti lizizungulira pakatikati pake. Linazungulira bwino, koma vuto linangosintha malaya. Malo a zeneralo anali otambalala koma aafupi, ndiye litatembenuka linaima chilili m'malo ogona. Kumutu ndi kumiyendo linadulidwa, m'mbali munatsala mipata yakuda, ndipo chiganizo chilichonse chinkasowa mawu oyamba ndi omaliza. Anayesa kulichepetsa, zilembo zinasanduka nyerere. Anayesa kulikoka, zilembo zinatalika ngati zasungunuka. Anafufuza zomwe ena analemba za vutoli, anapeza anthu ambiri ofunsa ndi mmodzi yekha woyankha kuti, "Ufuniranji zimenezo?"

Loweruka lina anapita kushedi kukawapatsira bambo madzi akumwa. Anawapeza akukangana ndi kasitomala, mayi wina wofuna galasi la mizere la kubafa. Kasitomalayo ankaloza papepala, bambo osamva chilichonse koma osagonja.

"Mayi, miyezo ndaiona. Ndikufunsa kuti liima kapena ligona? Ndiyeze mmene likakhalire, osati mmene lagonera pabenchi pano!"

Tadikirani anangoika kapu pansi, osadziwa kuti waiika pa galasi la eni ake. Pulogalamu yake inkayeza zenera lisanatembenuke, n'kulipatsa mulifupi ndi mulitali wa chogona, kenako iye n'kumaliimika. Palibe amene analifunsa funso la bambo.

Anakhala pa ndowa yomwe ija, laputopu pamiyendo. Anasiya kayalidwe ka sikirini kobwera kale n'kulemba kake, kamene kamayeza zenera mosinthanitsa: mulitali wa malowo n'kulipatsa ngati mulifupi, mulifupi ngati mulitali. Kenako kaliike pakati pake pagwere pakati pa malowo, ndipo pomaliza penipeni litembenuke. Inali mizere yochepa moti anachita nayo manyazi. Atadina, zenera linazungulira n'kukhala m'malo mwake ndendende, kona ndi kona, popanda mpata wolowetsa tsitsi. Anafuna kukuwa, koma mwini dzina anadziletsa. Anadina m'makona onse, anatsegula kiyibodi, anazimitsa ndi kuyatsanso, anaigwedeza foniyo ngati botolo la mankhwala. Zenera silinasunthe. Apo ndiye anakuwa, mpaka galu wa oyandikana nawo anayankha.

Pa chakudya chamadzulo anachotsa zovala pampando uja n'kukawagwira dzanja bambo ake.

"Tiyeni, bambo. Mukangokhala basi. Mukapanda kukonda, mbale ndikunyamulirani ndekha kubwerera."

Bambo anaona milomo yokha, koma anabwera, nkhope ili gwa. Anakhala pampando wawo. Foni inali pakona, mabatani kwa mayi, zenera kwa iwo, ndipo palibe anaigwira. Mlongo wake wa Tadikirani anayamba kufotokoza za bwana wake amene anatsekeredwa m'chimbudzi cha kuntchito. Zilembo zinkayenda mowongoka pamaso pa bambo. Nkhani itafika pokoma, tebulo lonse linaphulika, ndipo m'phokosomo munali kuseka kwa bambo, kwa nthawi yake, kosachedwa ngakhale pang'ono. Tadikirani anayang'ana m'mbale mwake chifukwa maso anali atadzaza misozi.

Koma mayi anali ataiwala. Kwa nthawi yaitali anazolowera kunena zakukhosi amuna awo ali pomwepo. Akuwonjezera ndiwo anang'ung'udza mwachizolowezi:

"Aone kudya kwawo, ngati anagula ndi iwo. Malaya omwewo kuyambira Lachitatu."

Bambo anayang'ana pazenera. Anaika supuni pansi mwaulemu, n'kukonza kolala.

"Mayi a ana, malayawa ndavala Lachinayi."

Mayi anagwira pakamwa. Mlongo uja anagwa pampando. Bambo anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi, n'kugogoda m'mphepete mwa sikirini ndi chikhadabo, mmene amayesera galasi akalilowetsa pafelemu.

"Wayeza ndani zenerali?"

"Ine, bambo."

Anawerenga yankholo, anagwedeza mutu, n'kukokera mpando wawo pafupi ndi tebulo.

"Lakhala," anatero. "Tsopano bwerezani zonse zimene mwakhala mukundinena. Muyambire poyamba, ndili ndi nthawi."