Tsiku Lowokera Mpunga ku Ngara

Mkazi wanga anali manijala pakampani ina yomwe inkaphikira anthu ogwira ntchito kumgodi wa Kayelekera. Mgodi utaima, kampaniyo inatseka. Iye analemba makalata ofunsira ntchito kwa nthawi yaitali, kenako anasiya.

Tinasamukira kwathu ku Ngara, komwe ndili ndi munda wa mpunga. Kumeneko amayi amawokerana mbande mosinthana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Salipirana. Ukalowa m'matope a mnzako, iyenso adzalowa m'matope ako. Mkazi wanga ndi wa ku Dedza, mpunga anali asanaulimepo, koma ankafuna kulowa m'gululo. Ankati kukhala yekha pakhomo tsiku lonse kwamukwana.

Mbande zitakula, mchemwali wanga anaitana amayiwo. Anabwera ambiri, akucheza m'Chitumbuka. Ataona mkazi wanga atamanga chitenje, wopanda nsapato, anayamba kuyankhula Chichewa, ngati alowa mu ofesi.

"Abwana, ulendo wa kuti?" anafunsa mayi wina wachikulire.

"Kowokera, amayi. Mundiphunzitse."

"Inu? Misundu ikakulumani tikanena chiyani kwanu?"

Onse anaseka, osati monyoza. Mchemwali wanga anali atasenza mpando wapulasitiki kuchokera kunyumba. Anauika pamthunzi wa mango.

"Alamu, khalani apa muzitiyang'anira. Ntchito yanu si imeneyo?"

Anakhala. Ine ndinkazula mbande chakumtunda, ndikumuona. Manja anawaika pamaondo. Nthawi ina anaimirira kukatunga madzi akumwa, koma mayi wina anamulanda chidebe.

Munda unatha dzuwa lisanapendeke. Amayiwo anawokera bwino kwambiri.

M'mawa mwake mkazi wanga anamanganso chitenje, nakhala pakhonde kudikira kuti amuuze munda wotsatira. Amayiwo anadutsa pamsewu, anamupatsa moni mwaulemu, napitirira. Mawa lakenso zinali chimodzimodzi. Ndiye anafunsa mchemwali wanga, ine ndili pomwepo.

"Alamu, nanga ine ndikabweza liti?"

"Kubweza chiyani? Inu tinangokuthandizani. Mwavutika kale ndi zantchitozi."

Mkazi wanga anathokoza, nalowa m'nyumba.

Mpunga unabereka bwino chaka chimenecho. Mchemwali wanga ankauza anthu kutchalitchi momwe amayi anagwirira abwana dzanja, ndipo sankanama. Mvula yotsatira itayandikira, mkazi wanga anandiuza kuti ndisaitanenso amayiwo, ndingopeza aganyu. Ndinawapeza. Tsiku lowokera iye sanapite kumunda.