Jekete ya Atate ndi Fungo la Dizilo

Mawu a Chingerezi akuti "permeate" ndinawaphunzira kusekondale ku Chipata, ndipo chitsanzo chake ndinali ine. Aphunzitsi anawalemba pa bolodi, n'kutiuza kuti amanena za chinthu cholowerera m'chinzake mpaka kufika paliponse, ngati utsi m'bulangete. Kalasi sinamve. Iwo anayenda pakati pa madesiki, n'kuima pamene ndinakhala ine. "Ana inu," anatero, "bwerani mudzanunkhize yunifolomu ya mnzanuyu." Chaka chimenecho palibe amene analakwa mawuwo pa mayeso. Ndikulumbira.

Atate anali makanika wa malole ku Mwami, pafupi ndi boda. Tsiku lonse ankakhala chagada pansi pa malole, madzulo n'kubwera atavala jekete yawo ya buluu yogula pa salaula, pamsika wa zovala zovalidwa kale. Fungo la dizilo linkayamba kufika ndi lomwelo, n'kukhala pampando, eni ake n'kumabwera pambuyo. Linalowa m'makatani, m'shuga, m'Baibulo la amayi. Nkhuku zathu zinkaikira mazira oti powakazinga unkafunika kuima patali. Amene akukayika akafunse anansi athu, omwe galu wawo ankathamangitsa atate poyesa kuti ndi lole.

Amayi ankadandaula tsiku ndi tsiku.

"Inu bambo, jeketeyo muziisiya panja. Mudzatiotchera nyumba."

"Mayi, si fungo lomweli limene munandikondera?"

"Ndinali ndi chimfine."

Atate anamwalira ine nditayamba kale ntchito. Tinakawaika kumudzi kwawo, kufupi ndi Tamanda. Kumeneko maliro akatha, zovala zonse za malemu zimachapidwa, kenako achibale amagawana. Palibe chosungidwa chosachapa. Woyang'anira ntchitoyo anali azakhali, mlongo wawo wa atate, munthu amene ndinamuona akuseka kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake tinazindikira kuti kunali kuyetsemula.

Zovala zinaunjikidwa pamphasa pabwalo. Azakhali anazitembenuza, anazitembenuzanso. Jekete panalibe. Amayi anali khale pakhonde atafunda chitenje, akuoneka onenepa modabwitsa kwa munthu amene ankangolawa chakudya chiyambire maliro.

"Alamu, jekete ya alongo anga ili kuti?"

"Kaya, alamu. Mwina inatsala ku Mwami."

"Inatsala ku Mwami, koma ine ndikuimva ndili pano? Kapena mwayamba kumwa dizilo?"

Amayi anachotsa chitenje, n'kuivula jeketeyo pang'onopang'ono, koma sanaipereke. Anaikumbatira pachifuwa.

"Iyi yokha musandichapire, alamu. Mukaichapa ndiye kuti apitadi."

Azakhali anayang'ana anthu amene anakhala mozungulira mphasa, n'kuyang'ananso amayi.

"Mwambo ndi mwambo, alamu. Anthu akuona."

Azakhali anaitenga. Popita nayo kumjigo ndinawaona ataiyandikizitsa kumaso nthawi yaitali ndithu. Nditawayang'ana anati akufufuza ngati m'matumba muli zinthu. Sindinadziwe kuti matumba amafufuzidwa ndi mphuno, koma sindinafunse.

Anaiviika m'bafa limodzi ndi zovala zina zonse. Azimayi anafikisa ndi sopo mpaka manja kuyera. Amayi sanapite kumjigoko. Anangokhala pakhonde pomwepo, manja ali pamiyendo, ngati munthu amene basi yamusiya. Ineyo ndinakhala pambali pawo.

Dzuwa litapendeka zovala zinali zitauma pachingwe. Amayi ananyamuka osauza munthu, anapita pamene panali jekete, n'kuika nkhope yawo m'kati mwake. Anaima choncho mpaka ndinayamba kuda nkhawa. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinathamanga poganiza kuti akulira. Ankaliradi, koma akusekanso.

"Alipo," anatero. "Bambo ako alipo. Sopo wagonja."

Ndinanunkhiza. Dizilo anali momwemo, osasuntha. Komanso anali atasamukira m'zovala zonse zimene anagona nazo m'bafa: m'mathalauza, m'masokosi, ngakhale m'shati yoyera ya kutchalitchi imene sinayandikirepo lole chiisokereni. Chitenje cha azakhali nachonso chinali chitalandirako gawo lake.

Panatsala kugawa. Jekete yotere imayenera kupita kwa mng'ono wa malemu, ndipo atate aang'ono anali atayamba kale kuyeza mapewa ake ndi maso. Azakhali anainyamula m'mwamba ndi zala ziwiri, atakwinya mphuno.

"Iwe, suja umasuta fodya? Ukavala ichi n'kuyatsa machesi, tidzakumbanso manda ena sabata yomweyi. Tenga nsapato." Anatembenuka n'kuiponya pamiyendo pa amayi. "Alamu, chinthu chonunkha chonchi sindingapatse m'bale wanga aliyense. Munachizolowera ndinu. Chichotseni pamudzi pano."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu. Azakhali anayetsemula.

Lamulungu lotsatira abale onse anabwera kutchalitchi atavala zimene analandira. Mabenchi a kutsogolo ankanunkha ngati galaja ya pa boda, moti akatekisiti anayatsa makandulo ataima patali, dzanja lili tambasu, akupemphera chamumtima. Anthu alipo amene anaona.

Jeketeyo ili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwa amayi ku Chipata mpaka lero. Nthawi zina akamasesa ndimawamva akuiuza kuti, "Mudzatiotchera nyumba inu." Ndikagonako, zovala zanga zimabwerera zitatengako. Ulendo watha, m'minibasi, kondakitala anafunsa dalaivala ngati thanki yabooka, ndipo dalaivalayo anaimitsa minibasi n'kusuzumira pansi. Ine ndinangokhala pawindo, mphuno ili pamkono wa shati yanga.