Masabata Atatu Amene Ndinakhala Chete

Bambo a ana anga anayamba ndi kutupa mapazi. Nsapato zawo za kutchalitchi zinakana kulowa, Lamulungu limenelo n'kupita atavala patapata, akudziseka okha. Posapita nthawi, pochokera kudimba lathu la kachewere kumunsi kwa Biriwiri, ankaima kawiri katatu pachitunda, manja m'chiuno, akupuma wefuwefu. Komatu ndi munthu amene ankasenza thumba lodzaza mpaka kumsewu wa ku Lizulu osatula.

Achemwali awo aakulu, alamu anga, atabwera kudzawazonda, anadinikiza chala pamwendo ndipo panatsala kadzenje. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mlamu, ndiuzeni zoona. Mchere m'ndiwo amathira ndani pakhomo pano?"

Ndinamva kumene ankalowera. Kwathu kuno mwamuna akatupa amati ndi tsempho, kuti mkazi wayenda ndi wina kenako n'kuthira mchere m'chakudya cha mwamuna wake. Ine, mayi wa ana asanu!

"Alamu, Mulungu akundiona," ndinatero.

"Mulungu akuona, inde. Nafenso mwendowu tikuuona."

Mawa lake anabwera ndi mizu yoti ndiziwiritsa. Mumtima ndinkadziwa kuti munthuyu ngofunika kuchipatala. Koma ndinaopa kuti ndikatchula chipatala, adzati ndikuthawa mankhwala oulula tchimo langa. Ndiye ndinatseka pakamwa. Masabata atatu ndinawiritsa mizu ija ndi manja angawa, kutupa kukukwera mpaka m'mawondo. Bambowo ankamwa, n'kumandiuza kuti, "Amayi, musadandaule, ine ndimakudziwani." Mawu amenewo ankandikoma, moti ndinkamvetsera iwowo m'malo momvetsera kapumidwe kawo.

Tsiku lina m'mawa tikunena Pemphero la Ambuye, anafika pakati n'kulephera kupitiriza. Mpweya unawathera. Sindinapemphenso chilolezo kwa munthu, ndinathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto.

Adokotala atawayeza anati BP yawo inali yokwera kwa zaka zambiri ife osadziwa, mtima wakula ndipo watopa, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'thupi. Kenako anandiyang'ana. Sanakalipe ayi.

"Mayi, masiku onsewa munali kuti?"

Akanakalipa bwenzi zilikonso bwino. Funso limenelo limandipezabe ndikupalira, ndikutunga madzi, ngakhale pakati pa nyimbo kutchalitchi.

Anatipatsa mapiritsi, natiuza kuti tichepetse mchere ndi mafuta. Kutupa kunaphwa. Ndimathokoza Ambuye chifukwa cha miyezi imene anatiwonjezera, pakuti bambowo anaona mdzukulu wathu woyamba, anadya chimanga chachiwisi cha chaka chimenecho. Anatisiya tisanakolole. Pamaliro palibe amene anatchulanso za tsempho, ndipo palibenso amene anandipepesa.

Lero alamu anga aja nawonso ali ndi BP. Ana awo ali kutali, ndiye amene amawaperekeza kuchipatala mwezi ndi mwezi ndi ine. Ulendo wathawu, tili pabenchi kudikira kuti awamange pamkono lamba woyezera BP, anandigwira chitenje, maso ali pansi.

"Mlamu, kodi mchimwene wanga uja tikanafulumira naye, bwenzi alipo?"

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasungira zaka zonsezi. Koma mizu anabweretsa ndi iwo, wowiritsa ndinali ine.

"Sindikudziwa, alamu," ndinatero. "Inenso ndimafunsa zomwezo."

Anamwino anaitana dzina lawo, ndipo ndinawagwira mkono kuti adzuke.