Mapulagi anayi ndi nsanje yanga pa Daitoni

Loweruka lapitali ndinamuchitira nsanje munthu amene ankakalipiridwa. Musaseke, mverani kaye.

Galimoto yanga ndi yakale, ndipo sabata yatha inayamba kumisa. Ndikamachokera ku Chonde, injini inkanjenjemera ngati yadwala malungo, petulo n'kumatha ngati thanki yabooka. Lolemba ndinayenera kupita ndi anganga, mayi a mayi anga amene adandilera makolo atamwalira, kuchipatala ku Boma kukaonetsa maso awo. Minibasi sangakwere, mawondo adawakana kalekale.

Ndinagula mapulagi anayi atsopano n'kutsegula boneti pakhomo. Ndinali nditaonererapo anthu akusintha mapulagi kambirimbiri. Zambiri zimene ndimadziwa ndidaziphunzira choncho, kuima chapatali n'kumayang'ana. Ndinazula mawaya onse anayi, uku ndi uku, kuti ndiwapukute bwino. Ndinamasula mapulagi akale, akuda bii ndi mwaye, n'kumanga atsopano. Pobwezera mawaya m'pamene mutu unaima. Waya uti apita pati?

Ndinangolota. Nditaliza, galimoto inaphulika kumbuyo ngati mfuti, nkhuku n'kubalalika, iyo n'kuzima.

Kuseri kwa mpanda, mnansi wanga Daitoni nayenso anali atatsegula boneti ya pikapu yake. Daitoni ndi msinkhu wanga, bambo wa ana atatu. Pambali pake panali bambo ake, a Mulepa, amene adayendetsa lole ya tiyi ku esiteti mpaka kupuma ntchito.

"Iwe Daitoni, manja amenewo ndi odyera okha? Pulagi imayamba ndi zala, sipanala pambuyo! Ukaononga mazinga a injini ukagula ina ndi chiyani, ndevu zakozo?"

"Ndamva, ababa."

"Wamva chiyani? Chaka chatha unamvanso!"

Daitoni ankangoseka. Ine ndinaima ndi nsanza m'manja, ndikumvetsera. Pikapu yake sindinaisirire, yanga imaiposa matayala ngakhale penti. Ndinasirira mawu aja. Munthu wa imvi za m'ndevu akadali ndi womutchula kuti "iwe".

Kupita kukapempha thandizo sindinafune. Koma anganga anali pakhonde, ndipo ngakhale maso akuwavuta, makutu ali bwinobwino.

"Nanga Lolemba tiyenda pa chiyani, pa wilibala?"

Safunsa adadya phula. Ndinazungulira mpanda.

A Mulepa anabwera msanga, Daitoni akuwatsatira. Anasuzumira mu injini, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Pepani bambo, musadandaule, zimachitika. Taimani cha apo, mungadetse malaya." Anamasula pulagi iliyonse, nayeza mpata wa kunsonga kwake ndi kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, naibwezera ndi zala. Mawaya anawalondoloza mwakachetechete. Galimoto inalira kamodzi kokha, mosalala ngati yatsopano.

Ndinafunsa kuti, "Kodi ndinalakwitsa pati?"

"Aa, palibe kwenikweni, bambo. Ikadzavutanso mudzangondiitana." Kenako anatembenukira kwa Daitoni. "Iwe, waima ngati mtengo wa magetsi bwanji? Tola masipanala!"

Mwaona? Ine anandipatsa galimoto yoyenda. Daitoni anam'patsa luso.

A Mulepa sindikuwadandaula, adandichitira chifundo ndipo sadalandire kanthu. Koma ulemu umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili wamng'ono. Ndi ulemu umene timasungira ana amasiye. Timawapatsa chakudya, timawagulira yunifolomu, timawalankhula mofewa ngati odwala. Kuwakalipira timaopa, poti anthu anganene kuti tikuzunza mwana wa malemu. Ndiye mwana wathu tikumukokera ku ntchito ndi khutu, wamasiye tikumuuza kuti akhale pamthunzi. Pakapita zaka timadabwa kuti mmodzi amatha kukonza njinga, kufolera nyumba, kumva matenda a injini ndi khutu lokha, winayo amangodziwa kuthokoza.

Kwathu kuno timati mwana ndi wa amalume ake. Anga ankabwera pa Khirisimasi ndi shuga, n'kundisisita m'mutu. Anali kalipentala wodziwika ku Milonde konse, koma sadandigwiritsepo hamala. Anganga adandiphunzitsa zonse zimene ankadziwa, ndipo pokalipa sankandinyengerera. N'chifukwa chake mpaka lero palibe angandipose kupalira chinangwa kapena kusunga nandolo kuti asafumbwe. Koma pulagi sadaigwirepo, akadandikalipira bwanji za pulagi?

Madzulo ake ndinakhala pafupi ndi mpanda, ngati ndikusoka thumba, makutu ali kwa eni ake. Ndinatolako ndithu. Injini izizire kaye usanamasule. Waya umazula mmodzi, kusintha pulagi yake, kumubwezera, kenako n'kupita kwa wina. Pulagi yakuda ndi mwaye kapena yonyowa ndi oyilo ikukuuza kuti vuto lili kwinanso, osangoitaya. Zonsezi zinkanenedwa kwa Daitoni, zokutidwa m'matonzo, iye akuyasamula. Ine ndinkazitola ngati nkhuku yapakhomo lina.

Lolemba anganga anafika ku Boma nthawi yabwino, galimoto sinatsokomole ngakhale kamodzi. Pobwerera tinadutsa Daitoni ndi bambo ake ali pamsewu, akukangana za tayala. Ndinaimba huta, iwo anakweza manja mwaulemu, mkangano wawo n'kupitirira. Nsanje ija sinathe, ndisakunamizeni.

Tsono inu amene muli ndi luso m'manja, kaya la injini, la matabwa kapena la makina osokera, ndikufunseni. Mwana wa malemu mlongo wanu uja mumamudyetsa, tikudziwa, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma mudamukalipirapo liti ali ndi sipanala m'manja?